Makina a Kanema a Bambo

Mzungu wa ku Jeremani akufuna chithunzi china:
nambala yakumbuyo, pomwe dzimbiri silinadye.
Ndapukuta ndi malaya, ndajambula, ndatumiza.
Tsopano akufunsa ngati babu limayaka.

Ndimuuze chiyani? Linayaka komaliza
chaka chomwe bambo anakhoma chinsalu
pakhoma la sitolo ya Che Sumaila pa Dwangwa,
odula nzimbe atatsamira njinga zawo,
matambala asanu pakhomo, ana kukwawira kunsi kwa mpanda.
Filimu ikaduka, mluzu!
Bambo ankalumikiza ndi selotepi, ndudu ili pakamwa,
wophedwa uja n'kudzuka, kudzafanso kachiwiri.

Mtengo watchulidwa: malata makumi awiri ndi anayi,
denga lonse, kutsala misomali.
Mlamu Kamphinda akuti gulitsa, chitsulo sichilira maliro.

Usiku ndazunguza gudumu ndi chala.
Kwe-kwe-kwe, mano akufunabe chotafuna.
M'kati mwagwa chisa chouma cha mavu.

Mawa ndikulunga m'bulangete, basi ya ku Lilongwe.
Mzunguyo akuti ali nawo kale asanu ndi awiri pashelefu,
onse onyezimira, osaonetsa kanthu.

Chinsalu sanachifunse.
Amayi amayanikapo ufa mpaka lero.