Masamu a pa Lumbadzi

Chimango wandipeza kunsi kwa thirakitala, ndikumanga bawuti.
Pepala la mayeso walipinda kanayi m'thumba la shati.
Akuti, Malume, masamu ndakhoza, sayansi ndakhoza,
nditsate inu, kapena mayi aang'ono a ku Ulaya?

Sindinayankhe msanga. Ndege ya masana inkatsika,
ndipo kuno ku Lumbadzi ikamatsika
mawu amayamba adikira pakhosi.

Mayi ake aang'onowo ndi Ndaziona, mlongo wanga.
Tinkawerengera kandulo imodzi, iye n'kumatsala nayo ine nditagona.
Lero amajambula mapiko a ndege kudziko lozizira,
amayeza mmene chitsulo chimatopera chisanathyoke.
Malipiro ake anandiuzapo kamodzi, pa foni, ngati akuulula tchimo.
Ndinawasintha m'makwacha pa mtengo wa kubanki,
kenako pa mtengo wa anyamata a m'tauni oima m'makonde,
maziro anasefukira pa katoni ya sopo imene ndinkalembapo.
Mwezi wake umodzi ukumeza chaka changa
n'kutsala ndi njala.

Ine amandilipira pa ekala.
Okutobala ndi Novembala ndine bwana,
foni imalira tambala asanalire,
wa ku Mpingu, wa ku Nsaru, mayi wa soya wa ku Chitedze,
onse akufuna mizere mvula isanawapeze.
Ndimadya chiwaya nditaimirira, fumbi lili m'mano.
Ikafika Febuluwale foni imachira matenda ake olira,
ndimakokera ngolo ya mchenga ku Area 25
kapena kugona pa mzere wa dizilo ku Kanengo
masiku awiri, mutu pa chiwongolero.

Tsogolo lake lili ndi makwerero, Chimango.
Injiniya, injiniya wamkulu, kenako woyang'anira ena,
sitepe iliyonse ili ndi dzina ndi ofesi.
Langa ndi thirakitala yakeyake ya munthu,
yofiira, yotha matayala, ndinaiona ku Mchesi,
mwini wake amakweza mtengo nthawi zonse ndikaiyandikira.

Koma lemba izinso pa katoniyo.
Ndaziona anaphunzira zaka zisanu ndi ziwiri, ngongole ili pamsana.
Lendi ya kachipinda kake ingalime maekala makumi angapo.
Anabwera ndi mapepala ake chaka china,
anayenda m'maofesi nsapato mpaka kupendama chidendene,
onse akumuyamikira, onse akumupatsa mpando ndi madzi,
koma mapiko oti ajambule kuno panalibe.
Anakweranso ndege, ine ndikumuonera kuseri kwa waya.
Bambo atamwalira anafika tsiku lachinayi,
anapeza nkhata zamaluwa zitayamba kufota.

Ine sindinakwerepo ndege.
Msana wanga umadziwa chitsa chilichonse cha m'minda ya Dowa,
khutu lamanzere linasiya ntchito kalekale,
penshoni ndilibe, ndili ndi sipanala.
Akundiuza kuti kwinako mathirakitala ayamba kudziyendetsa okha.
Abwere, adzaone ngati angazule okha tayala m'dambo la Lingadzi.

Munda wa agogo ako chaka chatha unalimidwa bwanji?
Ndaziona anatumiza ya dizilo.
Ine ndinadzuka folo koloko.
Chimanga chitacha sichinanene kuti ndi cha yani.

Chimango akundiyang'ana, akufuna yankho la liwu limodzi,
ngati la m'mayeso aja, losankha pakati pa ziwiri.
Ndamuuza, ndipatse sipanala ya seventini.
Wandipatsa yolondola osayang'ana n'komwe,
maso ake ali kumwamba,
kumene ndege ina yanyamuka, ikupinda miyendo,
mthunzi wake ukudutsa pa mizere imene ndinalima dzulo.