Buku Lopanda Chikuto ku Kwachena

Ndinatsika chapa ya ku Zobwe
malaya atamatirira kumsana.
Dzuwa la ku Tete silifunsa pasipoti,
limangokudinda pamphumi.

Pamsika wa Kwachena, Dona Felizimina
analimanga goli dzuwalo:
sola padenga, mawaya ali yangayanga,
mafoni khumi akuyamwa moto ngati tiana ta nkhumba,
kafiriji kakung'ung'udza
kakuumitsa malambe m'timajumbo.

Pambali, pachiguduli, mabuku.
Ndinati, lilipo la munthu wapaulendo?
Anafukula lina lopanda chikuto,
la Chipwitikizi, lothimbirira
ndi fumbi la malasha a ku Moatize.
Masamba omaliza chiswe chinadya kale.

"Mametikali makumi atatu.
Mathero ake ukawafunse pamlatho."

Ndinawoloka Zambezi wapansi,
chitsulo chikunjenjemera kuphazi
galimoto ikamadutsa.
Pakati penipeni ndinaima, nkutsegula.
M'mphepete mwa tsamba lachisanu
wina analemba ndi pensulo, m'chinenero changa:
Usakwere bwato la Sozinyo, limadontha.

Pansipo mabwato analipo asanu ndi awiri.
Kunandidera ndili chitsamire,
malambe akusungunukira m'manja,
ndikusinkha kuti la Sozinyo ndi liti.