Nkhope ya Chanaze pa Chikuto

Tinayambira pa foni imodzi yong'aluka galasi,
ya Zuze, imene imakomoka dzuwa likafika paliwombo
ngati mwana wa fomu wanu pa asembule.
Tinkaikulunga m'kansalu konyowa, n'kuigoneka pafupi ndi mtsuko,
n'kumapemphera kuti ikatsitsimuka
ikumbukirebe tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Dzina la magazini silinavute: Tchena.
Zovala nazo sizinavute.
Belo la kaunjika likang'ambidwa pa Bangula
Chanaze amaona diresi mkati mwa katani wakale,
amaona jekete m'thumba la shuga,
ife tikungoona nsanza.

Chinatisowetsa tulo ndi pulogalamu yoyalira masamba.
Yaulere ija inkadinda dzina lake pachipumi pa aliyense
ngati ng'ombe za pa msika wa Ngabu.
Yolipira inkafuna khadi la kubanki,
ife chuma chathu chili m'chitini cha mkaka, ndalama za masau.
Ina inadya bandulo ya sabata usiku umodzi,
ntchemberezandonda m'munda wa mapira.
Tinatsala ndi yonyozeka, yogwira popanda netiweki,
ngakhale inkajambula mzere wofiira pansi pa mawu athu onse
ngati mphunzitsi amene sanalandire malipiro.

Kenako funso lalikulu: atisindikizire ndani?

Tinakwera zitunda pa minibasi, makutu akutsekeka,
Shire akuchepa kumbuyo mpaka kusanduka ulusi.
Mu ofesi ya ku Blantyre tinazizidwa koyamba chaka chino.
Bambo wa magalasi anatipatsa pepala tiligwire,
loterera, lonyezimira ngati msana wa mlamba.
Makope chikwi, anatero. Mashopu a m'tauni. Koma,
mbuzi iyi ichoke.
Mzere wa matope pakhomapa, pomwe madzi analekezera, tifufuta.
Ndiye mtsikanayu...
anakoka chala pa kompyuta pang'onopang'ono,
Chanaze n'kuyamba kuyera tikuona,
masaya, khosi, mpaka zigongono,
chinangwa chosendedwa chitavala diresi lake.
Zimagulidwa chonchi, ana inu.

Chanaze sakonda kuyankhula Chisena pamaso pa alendo.
Tsiku limenelo anati: Nkhabe.
Anatola foni, n'kuiika m'thumba.
Ndalama ya ulendo inapita choncho,
ndipo Zuze sanatiyankhule mpaka pa Thabwa.

Pa Nchalo pali a Alufazema,
kuseri kwa okonza njinga.
Amasindikiza mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati,
mayeso a sukulu zapulaiveti.
Makina awo amadikira magetsi monga tonsefe,
mtundu wofiira umatuluka ngati papaya,
ndipo theka la ndalama amafuniratu, alibe chibale.
Anayang'ana chikuto nthawi yaitali, thukuta likudontha pachibwano.
Uyu si mwana wa telala wa kwa Tengani?
Kolala iyi wasoka yekha?
Za mbuzi sanafunse.

Makope makumi asanu ndi limodzi basi.
Tinawaluma ndi sitepula usiku, udzudzu ukutiluma ifenso,
wina atagwira tochi ndi mano.
Tsamba lachisanu ndi chinayi linatuluka chadodolido
m'makope khumi ndi atatu; tinatsitsa mtengo.
Dzina langa analilemba molakwika, ndasiya choncho.

Lero pa geti la sukulu ndaona mtsikana amene sindimudziwa
atakhala chammbali pa kabaza,
dzanja limodzi pachishalo, lina likulimbana ndi mphepo
kuti tsamba lisatembenuke asanamalize.
Pachikuto Chanaze waima wakuda bii, monga anabadwira,
dzuwa la kuchigwa kuno lili pamapewa pake,
mzere wa madzi a chaka chatha ukumudutsa m'chiuno ngati lamba,
mbuzi ya a Fombe ikununkhiza mpendero wa diresi.

Zuze akuti kope lachiwiri tiikemo nsapato.
Foni yakomokanso. Tikuidikira.