Chithunzi cha Bambo Ruan

Uthenga wa mkonzi unandipeza ndili m'bulangeti:
"Zithunzi zisanu ndi zitatu, China wa lero.
Zifike Lachisanu. Malipiro pakatha miyezi iwiri."
Koma lendi sadziwa kuwerenga mpaka kawiri.

Ndine waganyu wa kamera.
Mabwana anga ali m'mizinda yomwe sindinapondemo,
amadzuka ine ndikukagona,
amadziwa dzina langa m'zilembo zing'onozing'ono m'mbali mwa tsamba.

Chongqing m'mawa ndi chifunga chokhachokha.
Ndinajambula sitima ikulowa m'mimba mwa nyumba yosanja,
pansi pake alendo atayasama kukamwa
kuti pachithunzi aoneke ngati akuimeza.
Ndinajambula mtsikana wotsatsa zodzola pamaso pa mafoni atatu,
akusekerera anthu amene sadzawaona,
mapazi ali m'masilipasi othothoka, kumene kamera zake sizifika.
Ndinajambula mnyamata wa chipewa chachikasu
atatsamira njinga yake yamoto,
akudya chiimirire chakudya chomwe mwiniwake wachikana.

Kenaka masitepe aja, mazana atatu kuchokera kudooko,
ndi firiji ikukwera yokha.
Pansi pake panali munthu,
nsungwi yonyamulira atayikoleka m'chingwe,
mitsempha ya m'khosi ili tang'atang'a.

Anatula. Anapukuta thukuta ndi m'munsi mwa malaya.
"Iwe wa kamera, usandijambule nditawerama.
Mnzako wa chaka chatha anatero,
mwana wanga ku Dongguan anachiona pafoni ali kufakitale,
analira mpaka kapitawo kumutulutsa pamzere.
Ubwere mawa. Ufunse kwa Ruan Defu."

Mawa lake ndinapeza khoma la kanjira kawo
litalembedwa chilembo chimodzi chofiira m'kati mwa bwalo,
chija chimatanthauza kuti gumulani.
Utoto unali utayenderera mpaka pa mphika wa anyezi.
Anali atameta ndevu, kabala katsopano pachibwano,
atavala jekete yabuluu yonunkha mankhwala a njenjete.
Anakhala pampando chilili ngati mwana wa sukulu,
manja pamawondo.
Phewa lamanja linakana kufanana ndi linzake:
zaka makumi atatu za nsungwi sizimva jekete.

"Ichi adzachiike patsogolo pa bokosi langa.
Usagwetse nkhope, ndidakali ndi mphamvu,
koma sindifuna adzakuze cha pachiphaso,
ndimaoneka ngati wakuba nkhuku."

Tinadikira dzuwa kuti liboole chifunga.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Litafika pawindo anagwira mpweya,
ndinati pumani bambo,
anaseka,
ndinadina.

Lachisanu mkonzi anatenga zisanu ndi ziwiri.
"Chomalizachi chilibe nkhani.
Mulibe cha mkulu yemweyu atasenza katundu?"

Ndinali nacho.
Chala changa chinali chitathamanga kale pamasitepe paja
iye asanatsegule pakamwa:
msana ngati uta, firiji yoyera mbee,
kumbuyo nyumba zagalasi zikulasa mitambo.
Chithunzi chabwino, ndisaname.
Chabwino kuposa zonse zomwe ndajambula chaka chino.

Ndinachiyang'ana mpaka tiyi kuzizira.
Mwininyumba, Mayi Kuang, anagogoda kawiri,
ulendo wachiwiri osanena kanthu.

Ndinatumiza.

Lamulungu ndinakwera masitepe aja
ndi china chija m'felemu yakuda, chokulunga m'nyuzipepala.
Anachigwira ndi manja awiri, nachitalikitsa ndi maso,
nati, "Ameneyu ndiye ine."
Anachikoleka pa msomali wa kalendala,
pakhoma lomwe silidzaona chilimwe.
Ndalama ndinakana,
ndiye anandipanikizira malalanje awiri m'chikwama cha kamera.

Sindinamuuze.

Magazini imatuluka pa khumi ndi ziwiri mwezi wamawa.
Ku Dongguan amapuma ikakwana sikisi,
amakhala m'mbali mwa mpanda, aliyense ndi foni yake.
Lalanje limodzi ndinadya m'basi.
Linalo lidakali m'chikwama, pakati pa magalasi,
layamba kufewa mbali imodzi.