Ulusi wa Twaibu

Atipatsa manambala olembedwa pa zidutswa za thumba la ufa.
Ine ndine 118.
Pini yogwirira ndabwereka kwa mayi wogulitsa mandasi,
wati ndisaiwale kubweza.

Sikisi koloko isanakwane, pa Chichiri pali nkhungu,
phiri la Ndirande langotulutsa mphumi ngati munthu wokana kudzuka.
Mnyamata wa chimkuzamawu akutchula dzina lako molakwitsa,
akuti Twalibu,
ndipo palibe womukonza.
Iwe ukanaseka mpaka kutsokomola.

Wezulo.

Sindinathamangepo chichokereni ku pulaimale, mlongo wanga.
Pofika pa Ginnery Corner mawondo ayamba kale kundizenga mlandu,
maminibasi akutiimbira mahutala,
kondakitala wina akukuwa: Mayi, kwerani, mufera chiyani!
Ndaweramitsa mutu kuti asaone nkhope yanga.

Ndiye ndaziona.

Nsapato.
Kutsogolo kwanga, m'mbali, paliponse,
ulusi wako wachikasu uja tinkakuseka nawo,
mfundo ziwiri kuchidendene, mamangidwe ako iwe wekha.
Mphunzitsi wa masamu. Mlonda wa pa banki.
Atsikana atatu a netibo.
Abusa ndi shehe, akupikisana mobisa, mimba patsogolo.
Theka la Ndirande likuthamanga pa ntchito ya zala zako.

Unali wosoka nsapato basi,
pansi pa ambulera yong'ambika kumsika.
Misonkhano ya m'mahotela sunaidziwe.
Tsiku lija anyamata a masiteji awiri atatolerana miyala
unangodzuka, singano ili pakamwa,
n'kulowa pakati, manja m'mwamba,
poti onsewo unkawadziwa mapazi,
ena ngongole zawo zinali m'kope lako.
Mwala sufunsa dzina.
Mpaka lero palibe wavomera kuti unachoka m'dzanja lake.

Pa chitunda cha ku Makata mpweya wandithera.
Ndaima, manja m'chiuno, malovu owawa.
Mnyamata wina wabwerera m'mbuyo, wa chipsera pa nsidze,
wanditambasulira madzi a m'kajumbo, waboola kale ndi dzino.
Ndikumudziwa. Ndi wa siteji yakumtunda.
Analipo tsiku lija.
Sakundiyang'ana m'maso, nanenso ndayang'ana pansi:
chidendene chake,
mfundo ziwiri.

Ndikanatha kuwataya madziwo pa phula iye akuona.
Ndaganiza zimenezo, sindikubisira.
Koma ludzu nalo silifunsa dzina.
Ndamwa.
Tayenda limodzi osalankhula mpaka pa mlatho wa Nasolo,
pamene watsegula pakamwa ngati anena kanthu,
n'kutseka,
n'kuyambanso kuthamanga.

Ndafika wachitatu kuchokera kumapeto.
Kumbuyo kwanga kuli bambo wa ndodo ndi galu wopanda mwini.
Andiombera m'manja ngati ndapambana.

Pabwalo la sukulu Mayi Nasibeko akuwerenga ndalama m'beseni,
zamakwinya, zonunkha thukuta ndi makala,
akunyambita chala, akulakwitsa, akuyambiranso.
Akuti zikwanira holo miyezi inayi,
tiyi, mabanzi, mayunitsi oimbira anyamata aja
kuti Loweruka lililonse azikhala pa benchi imodzi
mpaka atatopa ndi kuyang'anana ndi diso lofiira.
Kodi unkadziwa, Twaibu, kuti mtendere umafuna shuga?
Umafuna lisiti, ndi wina wosesa holo akachoka.
Iwe unaupereka ulere,
ndiye taona mtengo wake.

Ndavula nambala. Pini ndikabweza mawa.
Dzuwa lakwera, anthu akubalalika awiriawiri,
ena akukangana kale za amene anadutsira njira yachidule.
Nsapato yanga yakumanzere yayasama kutsogolo,
chala chachikulu chikusuzumira.
Ndaivula, ndaigwira m'manja,
ndatsimphina kulowera kumsika,
ndadutsa ogulitsa matemba, ndadutsa okonza mawailesi,
ndakhota pa ngodya paja
ndisanakumbukire.