Ngalande ya ku Ulongwe

Mayi Felizarda, foni yanu ndakonza.
Musalipire kaye.
Mwakaona kachizindikiro aka, kofiirira ngati papaya,
kadontho ndi timizere tiwiri tokhota?
Ophunzira amati RSS. Dzinalo lisakuopseni.
Nanga feteleza, mumadziwa zimene amaikamo?

M'mawa uliwonse mumayenda khomo ndi khomo pa intaneti
kufunsa mtengo wa kachewere ku Tete,
za mvula, za msewu wa ku Zobwe,
mayunitsi n'kumasungunuka ngati mchere.

Chonsecho kudimba kwanu simusenza ndowa.
Munakumba ngalande kamodzi,
madzi amabwera okha.

Dinani apa. Sankhani akasupe anu, atatu akwana.
Nkhani zizikupezani muli pamsika.

Mawa mukamuonetse Zefaniya wa matimati.
Ine wandikanira kawiri,
koma inu amakuopani.