Manja a Goloboyi

Chikalata anachimata Lachitatu
pa bolodi ya pafupi ndi laibulale,
pansi pa chidziwitso cha foni yotayika
ndi cha wina wofuna mnzake wogawana naye chipinda ku Chikanda.
Mizere inayi yokha. Ligi ya makoleji yaimitsidwa
mpaka tidzakuuzeninso.
Ndinawerenga kawiri, kachitatu ndikulondola ndi chala,
kenako ndinakumbuka kuti chala sichiloledwanso kukhudza kanthu.

Zaka zitatu ndinakhalira benchi,
kusenza zigubu za madzi, kupopa mipira,
kudikira kuti Sumani amalize digiri achoke pagolo.
Anachoka. Magolovesi anandisiyira,
lakumanzere long'ambika pa chala chachikulu.
Ndinalisoka ndekha ndi ulusi wa nsapato
wopempha kwa bambo wokhala pakhomo la msika.
Chaka chino chinali changa.
A kochi, a Likoswe, ananena okha pamaso pa onse:
iwe, mpira wa pakona sauyang'anira, tuluka ukaugwire.

Lero wailesi ikuti usagwire.
Usagwire dzanja la mnzako, usagwire chitseko,
ngakhale mphuno yako yomwe.
Manja amene ndinawaphunzitsa kulandira chilichonse chobwera
ndikuwatsuka pa ndowa ya pageti
ngati anaba.

Ndisanakwere minibasi ndinatsikira kubwalo, ku Chirunga.
A Dafuleni anali atajambula kale theka la mizere,
laimu woyera mbee kuchoka pa golo lakumpoto,
kufika pakati, n'kulekera pomwepo.
Ndinawapeza akumasula maukonde.
Anati chiswe sichidziwa za mliri, mwana wanga,
tikawasiya tidzapeza mfundo zokha.
Phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'khosi.
Silinatiyang'ane n'komwe.

Ndinakwiya, sindikana.
Kwathu ku Chinamwali ndinkawerenga Loweruka lililonse:
lero tikanakumana ndi a ku Domasi,
lero tikanapita ku Blantyre pa basi yoyimba njira yonse.
Ndinkati anthu akudzazana m'minibasi, akukankhana pamsika,
nanga anyamata makumi awiri ndi awiri pabwalo lonse lija
alakwanji?
Ndinatumizira a kochi mawu amenewo usiku.
Anayankha m'mawa: thamanga, usanenepe.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri sanayankhenso.

Anagona masiku asanu ndi anayi m'tenti ya kuchipatala,
munthu amene mluzu wake unkamveka mpaka ku Mulunguzi
akusaka mpweya wokwana kutchula dzina la mkazi wake.
Anawanyamula anthu ovala zoyera mpaka kumaso,
osadziwa kuti bondo lakumanja linkawavuta.
Ife, khumi ndi mmodzi, ndi a pa benchi omwe,
tinaima kutsidya kwa msewu, motalikirana,
monga ankatilalatira nthawi zonse:
tambasukani, musaunjikane pamodzi.
Tsiku limenelo tinawamvera.
Ndinali ndi manja awiri abwinobwino
ndipo ndinawapisa m'thumba.

Sindinawerengenso ma Loweruka.

Akuti udzu wa ku Chirunga wafika m'chiuno,
akuti mzere wa a Dafuleni unapita ndi mvula yoyamba,
ndipo ng'ombe ya munthu wina imagona pamalo a penate.
Digiri ndidzatenga, akutero, mwina pa foni.
Pa chithunzi cha timu cha chaka chino
palibe amene anatsinzina, palibe amene anachedwa,
poti sichinajambulidwe.

Dzulo ndikuchokera kogula sopo,
masiki ili pakamwa, mutu uli kwina,
ana a kuseri kwa tchalitchi ankamenya chikulunga.
Wina anachiphonya, chinakwera, chikubwera cha kumaso kwanga,
chafumbi, chogwidwa ndi mudzi wonse.
Sindinaganize.
Sopo anagwa pansi.
Ana anakuwa, goloboyi! goloboyi!
Ndinachisunga pachifuwa nthawi yaitali kuposa yoyenera,
mpaka kamtsikana kopanda nsapato kanabwera
n'kunena kuti, achimwene, tipatseni, tikusewera.